Kupanga makhadi ndi ana: mmene mungapindire ndi kumata kuti khadi lisapindike

Chaka chilichonse, Okutobala akangolowa, funso limabwera lomwe lija. Amafunsa aphunzitsi a Sande sukulu, amafunsa a kusukulu za mkaka, amafunsanso makolo: "Tinapanga makhadi a Tsiku la Anakubala ndi ana, madzulo anali okongola ndithu, koma kutacha tinapeza onse atapindika, ena atasweka pamsana, maluwa atamatuka. Tinalakwitsa pati?" Limabweranso mayeso a MANEB akayandikira, ana akamafuna kupangira akulu awo a Sitandade 8 kapena a Folomu 4 makhadi a mafuno abwino, ndiponso pa Khirisimasi. Ndiye ndati ndilembe zonse pamodzi, wofunsa ndizingomulozera pano.

Khadi siliwonongekera pokongoletsa ayi. Kukongoletsa ana amadziwa okha, ndipo nthawi zambiri amatiposa. Limawonongekera popinda ndi pomata, ntchito ziwiri zimene malangizo ambiri amangozitchula mothamanga, "pindani pakati, matani", basi n'kupitirira. Ine ndichedwa pomwepo.

1. Sonkhanitsani zipangizo kudakali sabata

Thupi la khadi limafuna pepala lolimba loti liziima lokha patebulo. Pepala la A4 losindikizira mu ofesi, lija pachikuto pake amalemba 80 gsm, ndi lopyapyala. Nambala imeneyo ndi kulemera kwa pepalalo, magalamu 80 pa sikweya mita imodzi. Limagwa, ndipo likangokhudza guluu limachita makwinya. Lisungeni, ligwira ntchito ya mkati. La thupi likhale la pakati pa 160 ndi 250. M'sitolo zogulitsa zipangizo za sukulu mukafunse manila, mapepala akuluakulu amitundumitundu aja aphunzitsi amalembapo matchati. Limodzi limatulutsa makhadi ambiri ndithu. Ngati ndalama palibe musadandaule. Kalendala ya chaka chatha yomwe kumbuyo kwake n'koyera, timakatoni ta tiyi ndi ta sopo, zikuto za makope akale, zonsezi zimagwira ntchito. Aphunzitsi a kupulaimale amaidziwa njira imeneyi ndi dzina la TALULAR, kuphunzitsa ndi zinthu zopezeka pamalo pomwepo. Makatoni okhuthala okhala ndi mizeremizere mkati, aja amabwera ndi mafuta ophikira, asiyeni, sapindika bwino.

Pezaninso rula, pensulo, cholembera chotha inki, supuni yachitsulo, sizasi yosasongoka kunsonga, nyuzipepala zakale zambiri, mapaketi a shuga otsuka ndi kung'amba kuti atambasuke, zitsekerero za mabotolo, kansalu konyowa kopukutira zala, ndi mabuku olemera kapena thabwa ndi njerwa zingapo. Zokongoletsera zili paliponse. Kwa telala wa pakhonde la sitolo mukapempha tizidutswa ta chitenje sakukanizani. Makungwa ouma a nthochi ali kudimba, maluwa a bougainvillea ali pampanda, therere lobala lili pamsika.

Zinthu zitatu zisafike m'manja mwa ana. Lezala ndi ya munthu wamkulu yekha, ndipo ikatha ntchito ilowe m'thumba, isasiyidwe pamphasa. Supa guluu amamatitsa zala ndi zikope m'kanthawi kochepa, komanso pepala salimata bwino n'komwe. Chachitatu ndi utomoni wa nkhadze. Ana akumudzi amadziwa kuti umamata, ndipo wina akhoza kubwera nawo pofuna kuthandiza, koma ukalowa m'diso umawotcha koopsa, mwana mpaka kulephera kuona kwa masiku angapo. Ngati pagulupo pali ana osakwana zaka 3, nyemba, mikanda ndi mabatani musatulutse, zimathera m'mphuno.

2. Pezani mbali imene pepala lagonera, kenako dulani

Apa ndi pamene anthu ambiri sanauzidwepo. Pepala limapangidwa ndi tiulusi ta mitengo, ndipo pamakina opangira mapepala tiulusi timeneti timagona toloza mbali imodzi. Zili ngati nsungwi: kuing'amba m'litali n'kosavuta, koma kuithyola chopingasa imaphwanyika n'kusiya zibenthu. Yesani ndi nyuzipepala. Mbali ina imang'ambika mowongoka bwinobwino, mbali inayo imangokhotakhota. Pepala lopyapyala limakukhululukirani mukalipinda chopingasa ulusi. Manila ndi katoni sizikhululuka, msana umasweka n'kuoneka zoyera, ndipo khadi silitsekeka, limangokhala yasa.

Kuti mudziwe kumene ulusi waloza, tengani pepalalo muliweramitse pang'onopang'ono osalithyola, poyamba mbali iyi, kenako mbali inayo. Mumva m'manja kuti mbali ina ikulimbalimba pamene ina ikungololera. Kumene likulolera ndiko kopindira, ndiye kuti mzere wa msana udzagona motsatira ulusi. Lembani kamuvi kakang'ono ndi pensulo pakona kuti musaiwale mukayamba kudula. Ana a zaka 8 kupita m'tsogolo amakonda kuchita okha zimenezi, apatseni mpata.

Kukula kwa khadi musachite kuganizira. Dulani zidutswa za masentimita 21 m'litali ndi 14.8 m'lifupi, ndiko kuti theka la A4, ndipo ulusi uloze mbali ya 14.8. Mukapinda pakati khadi limakhala 10.5 ndi 14.8, lomwe limalowa bwino mu envulopu wamba ya C6. Mapepala ambiri a A4 ulusi wake umatsata m'litali, choncho mukadula A4 pakati n'kupinda chidutswa chilichonse, msana umagwera motsatira ulusi wokha. Koma mukapinda A4 yense pakati kuti mupeze khadi lalikulu, mwapinda chopingasa. Ichi n'chifukwa chimodzi chimene makhadi akuluakulu amavutira. China n'chakuti mwana akaona malo aakulu opanda kanthu amawadzaza ndi guluu.

Kudula thupi ndi ntchito yanu, dzulo lake, ana kulibe. Sizasi simawongola mzere wautali. Ikani rula, makamaka yachitsulo, pamwamba pa katoni yakale, mudule ndi lezala kapena mpeni wakuthwa modutsa kawiri kapena katatu mopepuka. Mukafuna kudula kamodzi ndi mphamvu, rula imaterereka.

Dulaninso kapepala kena kocheperapo pa khadi lililonse, ka masentimita 9.5 ndi 13.8. Kameneka ndikatcha nkhope. Ntchito yake muiona pa nambala 6.

3. Dindani kangalande musanapinde

Musapinde pepala lolimba ndi zala zokha. Yezani masentimita 10.5 kumtunda ndi kumunsi, muike timadontho tiwiri ta pensulo. Yalani nyuzipepala zingapo pansi kuti pakhale pofewa pang'ono, gonekani rula pa timadontho tija, ndipo ndi cholembera chotha inki mukoke mzere kawiri mopanikiza. Simukudula, mukungodinda kangalande. Mukatembenuza pepala muona kuseri kwatukuka kamzere. Popinda, kangalande kakhale kunja kwa khadi, kamzere kotukuka kakhale mkati. Ambiri amachita mosemphanitsa chifukwa ndi mmene dzanja limafunira, koma osindikiza mabuku amapinda chonchi kuti khungu la kunja lisakokeke n'kusweka.

Mukapinda, lumikizani makona poyamba, kenako musisite msanawo ndi kumbuyo kwa supuni kuchokera pakati kupita kunsonga. Chikhadabo chimasiya mzere wakuda wonyezimira. Onetsetsani kuti cholemberacho chathadi inki. Zina zimadzuka zikapanikizidwa, ndiye yesani kaye pa nyuzipepala.

4. Phikani guluu

Guluu woyera wa m'botolo, yemwe akalipentala amamatira matabwa, ndi wabwino ngati mwamupeza. Wa kamtengo wopaka ngati mafuta a pamilomo samanyowetsa pepala, koma amatha msanga ndipo nsalu saigwira. Pagulu la ana ambiri, wophika nokha ndiye amakwanira.

Ufa wabwino ndi wa kondowole, wochokera ku chinangwa choviika, choumitsa n'kusinja, womwe anzathu a ku Nkhata Bay ndi Nkhotakota amaphikira nsima. M'misika ya m'tauni umapezeka. Fulawa wa mandasi nayenso amagwira. Ufa wa chimanga, kaya woyera kaya mgaiwa, uli ndi timiseche ndipo sumata mokwanira. Nsima yotsala, yomwe tonse tinamatirapo zithunzi m'makope, imasiya zibuluma ndi kuitana nyerere. Musapale chinangwa chowawa chachiwisi kuti mupange guluu wa ana. Kamwana kamalawa chilichonse, ndipo ufa wa kondowole ndi umene unachotsedwa kale ululu poviika.

Sefani supuni zazikulu 2 za ufa. Usungunuleni m'madzi ozizira okwana kapu imodzi mpaka zibuluma zithe, musanaike pamoto. Mukathira ufa m'madzi otentha simudzazithetsanso zibulumazo. Ikani pamoto wochepa mukutakasa osaleka. Pakapita mphindi zochepa kuyera kuja kumasintha, phalalo limayamba kuwala ndi kunanda. Pitirizani kutakasa mphindi 2, muphule, muvundikire kuti pamwamba pasachite khungu, lizizire. Likazizira limalimba kuposa mmene linalili pamoto. Loyenera ndi loti mukatunga ndi supuni lizitsika pang'onopang'ono ngati chingwe. Ngati lagwirana, thiranimo madzi ofunda pang'ono mutakase. Nyengo yotentha ya Okutobala guluu ameneyu sapitirira masiku 2. Akayamba kununkha chosasa mutayeni, samatanso.

5. Konzani zokongoletsera dzulo lake

Nsalu ya chitenje imavuta ana pa zifukwa ziwiri: sizasi yawo imangoitafuna, ndipo m'mbali mumasosoka ulusi. Mankhwala ake ndi amodzi. Sitani tizidutswa tija, pakani guluu mopyapyala pa pepala la A4 kapena la m'kope, yalani nsalu pamwamba, sisitani ndi dzanja, muumitse mopsinja usiku wonse. Kukacha nsaluyo imadulika ngati pepala, ndipo mwana akhoza kujambula duwa, mtima, diresi kapena mbalame kuseri kwake n'kutsata mzere ndi sizasi. Sankhani nsalu za maluwa ang'onoang'ono. Chitenje cha maluwa akuluakulu mukachidula kachidutswa kamangooneka mtundu umodzi.

Makungwa a nthochi ndi amene amatulutsa makhadi aja mumawaona kwa ogulitsa ziboliboli, a tinyumba taudzu, bwato panyanja, mayi akusinja pamtondo. Sendani ouma kale pamtengo, ndipo muyambe mwawakutumula chifukwa mumabisala akangaude ndi zinkhanira. Ali ndi mitundu yambiri, oyererako, ofiirira, akuda, amathothomathotho, ndiye tolani osiyanasiyana. Anyowetseni pang'ono ndi kansalu kuti asathetheke, palani zofewa za mkati ndi supuni mpaka patsale khungu lopyapyala, muwasite ndi simbi yofunda. Awa amafuna guluu woyera wa m'botolo, wa chinangwa amawagwira mofooka.

Maluwa a bougainvillea amauma bwino m'kati mwa buku ndipo mtundu wake umakhalitsa, koma amafuna sabata yathunthu, atayalidwa pakati pa mapepala. A jacaranda, ngakhale amakongoletsa misewu ya Blantyre ndi Zomba nyengo yomweyi, akauma amafiirira n'kunyala. Duwa laliwisi musamate pakhadi, limavunda.

Kwa ana aang'ono kwambiri, dulani therere lobala chopingasa. Mkati mwake muli kale chithunzi cha duwa. Akaviika mu utoto n'kudinda, maluwa atuluka. Tsinde ndi masamba awonjezere ndi chekeni. Utoto ukhale wokhuthala, ndipo ayambe adinda pa nyuzipepala kamodzi kuti madzi achepe. Chala chawo chomwe ndi chidindo chabwino.

6. Kumata

Pano khalani pansi muwerenge bwino, chifukwa makhadi ambiri amafera pano. Guluu wophika ndi woyera yemwe ndi madzi ambiri. Madziwo akalowa m'pepala tiulusi tija timafufuma, ndipo mbali yonyowayo imatalika kuposa youma. Pouma imabwerera n'kukoka chilichonse chimene yamatidwako. Ndiye khadi lomwe lapakidwa guluu mbali imodzi yokha liyenera kupindika basi, silingachitire mwina. Ntchito yonse ndi kuchepetsa madzi olowa m'thupi la khadi, ndi kuligwira kuti lisasunthe pamene likuuma.

Njira yoyamba ndi nkhope ija. Ana asakongoletse pa khadi lenileni. Apatseni kapepala ka 9.5 ndi 13.8, amatepo, adindepo, ajambulepo mmene akufunira. Thupi lopinda lija likhale kwa inu, louma, loyera. Nkhope ikauma ndi kuwongoka, ndi pamene idzamatidwe pathupi ndi guluu wochepa kwambiri m'mphepete mokha. Mtunda wa theka la sentimita wotsala kuzungulira umapanga malire okongola, makamaka thupi likakhala la mtundu wina. Komanso mwana akalakwitsa, kapena mnzake akamutayira utoto, chotayika ndi kapepala kokha. Misozi imachepa. Dulani nkhope zambiri kuposa ana.

Njira yachiwiri ndi kuchepetsa guluu kuchokera kugwero. Mwana mukamupatsa botolo, amathira mpaka litayikire. Aliyense alandire wake m'chitsekerero cha botolo, ndipo mumuuze kuti ameneyo ndi wa khadi lonse. Chopakira chikhale chala, nthenga ya nkhuku, kapena kachidutswa ka siponji ya matiresi akale.

Tsopano kapakidwe. Guluu amapakidwa pa kachidutswa komatidwako, osati pamalo pomwe kakukakhala. Mwana agoneke kaduwa kake chafufumimba pa nyuzipepala, apake kuchokera pakati kupita kunja mpaka kudutsa m'mphepete, kuti nsonga zonse zilandire. Pepala lizingonyezimira, ngati mukuona mizere yoyera ya guluu, wachuluka, achotseko ndi chala. Kenako, ndipo ichi ndi chimene ana sachifuna, adikire. Awerenge mpaka 20. Muona kachidutswako kakupindika kokha, kenako n'kuyamba kugonanso. Ndiye kuti kafufuma kale mokwanira. Kakamatidwa kasanatero, kamakafufumira pankhope, ndipo makwinya aja amachokera pamenepo. Kuwerengako kusandutseni masewera, awerengere limodzi mokweza, apo ayi aimbe kanyimbo kafupi.

Akaika pamalo pake, asasisite ndi chala chaguluu. Aphimbe ndi pepala loyera, asisite pamwamba pake ndi chikhatho kuchokera pakati kupita kunja, achotse pepalalo msanga lisanagwire. Nyuzipepala yopakirapo ipindidwe pakatha chidutswa chilichonse, kupanda kutero chidutswa chotsatira chimagona paguluu wa chinzake ndipo nkhope yake imada. Zala zipukutidwe pa kansalu konyowa nthawi ndi nthawi. Zazikulu ziyambe, zazing'ono pamwamba. Auzeni ayale zonse kaye popanda guluu, aone ngati zawakomera.

Ngati thupi ndi la katoni ya tiyi kapena ya sopo, pali vuto lina. Mbali yosindikizidwa ndi yoterera, guluu wa chinangwa samalowa. Ikwecheni pang'ono ndi sandipepala kapena mwala wokhakhala mpaka kunyezimira kuthe, kenako muiphimbe ndi pepala. Koma mukaphimba mbali imodzi, phimbaninso inayo ndi pepala la mtundu womwewo, ulusi utaloza kumodzi, nthawi yomweyo. Mbali ziwirizo zimakokana mofanana ndipo katoni imatsala yowongoka. Chitani zimenezi katoni ili yotambasula, iume, ndiye mudinde kangalande. Mukayamba ndi kupinda, pepala lophimbalo limang'ambika pamsana potsegula.

Langizo lomaliza pano ndi la inu akuluakulu. Manja anu akhale kumbuyo. Duwa likakhala chopendekeka, lisiyeni. Mayi akalandira khadi amazindikira msanga ngati lapangidwa ndi mwana wake kapena ndi aphunzitsi, ndipo makhadi 40 ofanana ndendende sasangalatsa aliyense. Ine sindionetsa ana khadi lomaliza lachitsanzo, chifukwa onse amangokopera lomwelo. Ndimawaonetsa kapakidwe ka guluu kokha.

7. Psinjani, musayanike padzuwa

Maganizo oyamba a aliyense ndi kuyanika padzuwa kuti ziume msanga. Dzuwa limaumitsa pamwamba pokha mofulumira, ndipo nkhope imapindika ngati chikho. Ziume pamthunzi, zitapsinjidwa.

Lembani dzina la mwana kuseri kwa nkhope iliyonse isananyowe, chifukwa mawa adzakanganirana. Zisiyeni poyera mphindi 10 kuti guluu wotuluka m'mbali asiye kunanda. Kenako sanjani chonchi: nyuzipepala zingapo, nkhope, pepala la shuga pamwamba pake kuti isamatirire, nyuzipepala zina, nkhope ina, mpaka zonse. Pamwamba thabwa ndi njerwa, kapena mabuku. Pulasitiki simalola chinyezi kutuluka, choncho pakatha ola limodzi chotsani mapepala a shuga aja, muike mapepala oyera ouma m'malo mwake, musinthenso nyuzipepala zomwe zanyowa. Nyuzipepala isakhudze mbali yokongoletsedwa ya nkhope mwachindunji, inki yake imadetsa.

Mu Okutobala usiku umodzi umakwana. Makhadi a Khirisimasi ndi nkhani ina: Disembala ndi wamvula, mpweya ndi wachinyezi, ndipo guluu wa ufa akakhala wonyowa nthawi yaitali amachita chuku. Apatseni masiku 2, muzisintha nyuzipepala m'mawa ndi madzulo. Kuti mudziwe ngati nkhope yauma, igunditseni patsaya. Ikamazizira, madzi akadalimo. Yomwe yapindikabe isiteni kuseri ndi simbi yofunda, mutayala nsalu. Ya chekeni musaisite, phula lake limasungunuka.

Apa mwaona kuti ntchitoyi si ya tsiku limodzi. Tsiku la Anakubala ndi 15 Okutobala, ndiye a Sande sukulu mufunika Masabata awiri lisanafike: loyamba kukongoletsa, lachiwiri kumata nkhope pathupi ndi kulemba mawu. Mukamata nkhope, psinjaninso khadi kwa theka la ola, lili lotsegula.

8. Mawu a mkati

Mwana asalembe pathupi la khadi. Dulani pepala la A4 lija masentimita 20 ndi 14, mupinde pakati, alembe pamenepo, kenako mulimate ndi kamzere kamodzi ka guluu pafupi ndi msana. Akalakwitsa mumangosintha pepala. Jambulani mizere yosaoneka kwambiri ndi pensulo, ayambe ndi pensulo, adutsemo ndi inki, ndipo afufute inki itauma.

Mawu athu ndi aatali. "Khirisimasi yabwino" kapena "Ndimakukondani amayi" amayamba ndi zilembo zikuluzikulu, pofika kumapeto malo atha, zilembo zomaliza n'kumatsetsereka m'mphepete. Awerenge zilembo, apeze ya pakati, ailembe pakati pa mzere, ndiye amalize mbali zonse ziwiri. Kwa aang'ono n'kosavuta kulemba liwu lililonse pamzere wake.

Musawalembere uthenga pabolodi woti onse akopere. Mufunseni mwana aliyense chinthu chimodzi chimene akuthokozera, ndipo alembe chomwecho, kaya ndi "Zikomo amayi pondiphikira futali" kaya "Agogo, zikomo pondisungira mango". Ulemu wokha ndiwo muwakumbutse: kwa amayi, agogo, azakhali ndi aphunzitsi timati "ndimakukondani", "mukhale ndi moyo wautali". Kwa mkulu wake wolemba mayeso akhoza kunena mmene amayankhulirana kunyumba. Ndipo musanayambe, dziwani ana anu. Pagulu lililonse pali ena amene akuleredwa ndi agogo, azakhali kapena achemwali awo. Nenani kuyambira pachiyambi kuti khadi ndi la amene amakusamala, kuti pasakhale mwana wongokhala duu anzake akulemba. Kuseri alembe dzina lake ndi chaka.

9. Khadi lotumphuka mukalitsegula

Ana akuluko amalikonda ili, ndipo n'losavuta. Tengani pepala la mkati lopinda lija, likhale lolimbirako. Kuchokera pamsana, dulani mizere iwiri yofanana, yotalika masentimita 3, yotalikirana masentimita 2. Pindani kalilime kamene katuluka pakatipo uku ndi uku, kenako mutsegule pepala n'kukakankhira mkati. Kaima ngati kasitepe. Pa nkhope ya kasitepeko matani duwa, nyenyezi kapena nyumba yodula padera, ndiye mumate pepala lonselo m'thupi la khadi, osapaka guluu pa kasitepe.

Cholakwika cha nthawi zonse ndi chithunzi chachitali kwambiri, chomwe chimasuzumira kunja khadi likatsekedwa. Kutalika kwa chithunzi kuphatikiza kwa kasitepe kusapitirire theka la pepalalo. Theka ndi masentimita 10, kasitepe 3, ndiye chithunzi chisafike pa 7. Pomata m'thupi, yambani mbali imodzi, mutseke khadi, musisite, kenako mbali inayo. Mukamata zonse khadi lili lotambasula, silidzatsekeka bwino.

10. Envulopu

Dulani pepala lofanana mbali zonse, masentimita 21 ndi 21, kuchokera pa A4, tsamba la magazini kapena pepala lakhaki. Ligonekeni kona imodzi italoza kwa inu, khadi pakati. Pindirani mkati makona a kumanja ndi kumanzere, kenako ya pansi, mukusiya mpata pang'ono kuti khadi lizilowa momasuka, makamaka ngati lili ndi nsalu. Tulutsani khadi musanapake guluu. Pakani m'mphepete mwa kona ya pansi mokha, ndipo mulowetse pepala la shuga mkati mpaka iume, kuti envulopu isadzimate yokha. Ngati ipita ku positi ofesi, matani kapepala koyera kolembapo keyala, ndipo khadi likhale lopanda njere kapena mabatani, zimaboola.

Mukakhala ndi ana ambiri ndi zotsala zambiri

Sizasi zitatu pa ana 40 zimayambitsa ndewu. Agaweni m'magulu a ana 5 kapena 6, gulu lililonse ndi mwana wamkulu mmodzi wodula, ndipo aang'ono aphunzitseni kung'amba ndi zala. Pepala long'amba lili ndi m'mphepete mofewa mokongola, ndipo pa mapiri, mitambo ndi nyanja limaposa lodula. Omaliza msanga asakhale chabe. Tizidutswa totsala adule timizere ta masentimita 2 ndi 15, alumikize mphete ndi mphete, atulutse unyolo wokongoletsera tchalitchi kapena kalasi. Masamba a magazini akadulidwa timakona titatu tatitali towonda, n'kukulungidwa pa kamtengo ka machesi kuyambira kotambalala, kansonga kokha n'kupaka guluu, amasanduka mikanda yoti aike m'chingwe.

Makhadi omalizidwa musawasiye pashelefu kapena pawindo la tchalitchi kudikira tsiku lake. Guluu wa ufa ndi chakudya, ndipo mphemvu ndi mbewa zimadya nkhope yonse usiku umodzi. Aikeni m'chitini chotseka bwino kapena m'ndowa ya chivundikiro, atauma kotheratu, ndi pepala loyera pakati pa lililonse.